Dzanja la Gibson

Paison anabwerako ku Joni m'chaka cha 1952 atasenza bokosi lachitsulo la mkulu wake Gibson, amene anatsala m'manda a kumgodi. Anakalitula kwa mlamu wake Rute, kufupi ndi mishoni ya Nzama. Pachivundikiro pake panali chidindo cha dzanja. Gibson sankadziwa kulemba, ndiye anangoviika dzanja mu utoto woyera n'kudinda pamenepo kuti katundu wake asasokonezeke ndi wa anzake kukomboni. Zala zinali zinayi zokha. Chaching'ono chinaduka ndi ngolo ya mumgodi, ndipo Rute anazidziwira pabokosi pomwepo, poti mwini wake sanabwere kudzafotokoza.

Patatha zaka zitatu Dailes, mwana yekhayo wa Gibson, anapeza banja ku Lizulu, ndipo anagwirizana kuti akakhala komweko kwa mwamuna. Bokosi linayenera kupita naye, koma dzimbiri linali litalidya m'makona monse. Rute analinyamula pamutu m'mawa wina mpaka kwa Paison.

"Alamu, mwana asakachite nalo manyazi kwa eni. Lipakeni likongole. Koma dzanjali musalikhudze ayi. Manda sindinawaone, chimene ndili nacho n'chomwechi."

"Zing'onozing'ono izi, alamu," anatero Paison. "Ku Joni ndimalemba manambala pangolo mazanamazana, mzungu osapeza pokhota."

Kudzitama kunali m'magazi mwa Paison, koma ntchito ankaidziwadi. Makina opopera utoto anawasiya kumgodi. Kuno ankagwiritsa ntchito mpope wophera udzudzu, wothiramo utoto wosungunula ndi parafini, ndipo theka la ngolo za ng'ombe m'derali zinali ndi maina odutsa m'mpope umenewu.

Anayala pepala lopyapyala pachidindo chija n'kutsata m'mphepete mwake ndi pensulo. Kenaka anajambulanso papepala lolimba la thumba la simenti, nalidula ndi lumo mosamala, chala ndi chala. Atafika pamene panasowa chala chija anaima pang'ono, chifukwa tsiku limene chinaduka iye analipo. Kenaka anapitiriza kudula.

Vuto linali lomatira. Kumgodi kunali tepi, womata bwino n'kumatukanso osawononga kanthu. Ku Nzama tepi akanamupeza kuti? Paison anaphika kaphala ka ufa wa chinangwa, napaka kunsi kwa pepala lonse, nalikanikiza padzanja la mkulu wake.

"Simwachulutsa phala, alamu?" anafunsa Rute.

"Likachepa utoto ulowera kunsi. Inu khalani phee."

Rute anakhaladi phee pamthunzi, akusenda mbatatesi imene anabweretsera mkazi wa Paison. Mpope unkalira fwee, fwee, nkhungu yobiriwira ikutera pachitsulo. Paison ankayendetsa mkono pang'onopang'ono, osayandikitsa, kuopa kuti utoto ungayenderere. Anapopera katatu, akumadikira kuti uume. Pofika masana bokosi linkawala ngati longotuluka m'sitolo ya Mmwenye, koma dzuwa lomwe linaumitsa utoto linali litaumitsanso phala kuti gwaa.

Paison analowetsa nsonga ya lumo pansi pa chala chachikulu n'kutukula. Anamva katswatswa kosayenera. Atasuzumira, anaona ngozi. Utoto wakale uja, umene unadindidwa pachitsulo chosapala bwino, unkanyamuka pamodzi ndi pepala. Anafuna kubwezera, koma kubwezera kunalibenso phindu.

"Alamu," anatero motsitsa, "ndalakwa."

Rute anaika mpeni pansi, napukuta manja pachilundu, nabwera kudzagwada pambali pake. Anayang'anitsitsa pamene pepala linatukuka. Paison akanakonda atamukalipira.

"Mwayamba kale," anatero Rute. "Malizani. Koma pang'onopang'ono, lisang'ambike."

Anamatula onse awiri, wina akutukula ndi lumo, wina akulandira ndi zikhatho. Pepala linachoka lathunthu. Pachivundikiro panatsala chitsulo chotuwa pakati pa kubiriwira konse kuja, chooneka bwino lomwe ngati dzanja la zala zinayi. Rute anatembenuza pepala. Utoto woyera unali pomwepo, utamatirira kuphala, ndipo mwa apo ndi apo munkaoneka timizere ta chikhatho.

"Ndigula utoto woyera, ndidzazemo pabokosipo," anatero Paison, ali wera. "Dailes sadzazindikira n'komwe."

"Ayi. Ingopakanipo mafuta dzimbiri lisalowe. Malo amenewo ndi a bambo ake, akhale momwemo."

Rute anapinda mpango wake n'kugoneka pepala lija pakati, mosamala ngati dzira. Apo mpamene misozi inatsika, ndipo sanaibise.

"Sabata yonseyi tulo sindimationa, alamu. Ndimati mwana akupita, bokosi likupita, ine nditsala ndi chiyani? Kumumana sindikanatha, ndi la bambo ake. Bokosilo mukam'patse Dailes. Pepala ili ndi langa."