Wina Agwire, Wina Adonthezere

Mphaka wangayu alibe dzina. Ndimangomuti "iwe", ndipo m'nyumba muno mulibe wina woti angasokonezeke kuti ndikuitana ndani.

Lachiwiri m'mawa sanabwere kudzagona pa nsanza za pansi pa makina anga osokera, monga amachitira ndikangoyamba kupalasa. Ndinamupeza kuseri kwa chitseko, diso lakumanzere litatupa, litatsekeka, manthongo ali mbwee. Dzulo lake linali bwinobwino. Ndinachita mantha, sindibisa.

Ndinamuika m'katoni ya ulusi n'kukwera naye basi. Analira njira yonse, anthu n'kumandiyang'ana ngati ndaba mwana.

Dokotala wa ziweto anali mtsikana, msinkhu wa mpongozi wanga. Anamuunika ndi katochi n'kunena kuti china chake chosongoka chinamukanda pa diso penipeni, mwina phini. M'nyumba ya telala mapini amakhala ponseponse. Anandipatsa kabotolo ka mankhwala, koti ndizidonthezera kanayi pa tsiku kwa sabata yathunthu. Ndikamaphonya, disolo lifa.

"Koma ndi ntchito ya anthu awiri, amayi," anatero dokotala. "Wina agwire, wina adonthezere. Kunyumba muli ndi ndani?"

"Tilipo ambiri," ndinayankha. Bodza linangotuluka lokha, osatsamwa n'komwe.

Tsiku loyambalo ndinaona zakuda. Ndikamupana ndi mawondo, amapulumukira kumbuyo. Ndikagwira mutu, zikhadabo zili pa mkono. Madontho atatu anathera pa khutu, lina pa siketi yanga.

Ndinaimbira mwana wanga wamwamuna. Anayankha mkazi wake, ndi ulemu wake wonse uja, kuti bambo ali pa msonkhano, mwina adzandiona mwezi wamawa. Anafunsanso ngati sindingangomusiya mphakayo, poti diso lina ali nalo. Ndinangodula foni, kuopa kuchimwa.

Anzanga a khomo loyandikana nalo anasamuka chaka chatha, ndipo amene analowamo timangopatsana moni wapatali. Ndinapita, ndinaima pakhomo pawo dzanja lili m'mwamba, koma osagogoda. Ndikanati chiyani? Kuti pa msinkhu wanga wonsewu ndilibe wondigwirira mphaka?

Ndinabwerera n'kukhala pa makina. Ndinalira pang'ono, chifukwa kusungulumwa kumene ndinkati ndinakuzolowera kunandipeza tsiku limenelo. Kenako ndinatenga tepi n'kumuyeza mphakayo ngati kasitomala: khosi, chifuwa, msana. Ndinadula thalauza ya jinzi imene mwini wake anaiiwala kalekale, n'kusoka kathumba kolimba ka zipi kumsana, kotulutsa mutu wokha. Kanamukwana kuposa madiresi ambiri amene ndasokapo. Amanditukwana m'chinenero chake, koma dontho limagwa pamalo pake. Kanayi pa tsiku, sindinaphonyepo ngakhale kamodzi.

Sabata itatha tinabwerera. Dokotala anaunikanso n'kumwetulira. Diso linali litapola, kunangotsala kachipsera koti sikangamulepheretse kuona.

"Amene amakugwirirani ali ndi dzanja labwino," anatero. "Anthu ambiri amagonja tsiku lachiwiri. Mukawathokoze m'malo mwanga."

Kathumba kanali m'chikwama changa. Ndinalakalaka nditakatulutsa, aone mmene msoko wake unawongokera, aone zipiyo. Koma akanandifunsa chifukwa chimene ndinakasokera.

"Ndikawauza," ndinatero, n'kunyamula katoni yanga.