Nyanda za Kumapeto kwa Chingwe

Mwa amayi onse a mumsasa wa othawa nkhondo uja, atelala ndiwo anali ofunika koposa, ngakhale kuti owakonda anali ochepa. Pakamwa pawo panali poyabwa ngati chitedze, koma ntchito ya manja awo inalibe chilema. Iwo ndiwo ankasoka nyanda, nsalu zochapa zimene amayi ndi atsikana ankavala akakhala kumwezi, popeza mapadi a bungwe lothandiza ankafika mwa apo ndi apo.

Vuto lalikulu linali kuyanika. Amayi ankakhulupirira kuti mdani akatola nyanda yako angathe kukumanga chiberekero, choncho ankaziyanika pansi pa matiresi m'mahema, n'kuzivala zisanaume. Ambiri ankafika kwa anamwino akudandaula za kuyabwa ndi zilonda. Bungwe linamanga mpanda wa malata kuseri kwa mabafa a akazi, n'kukokamo zingwe, koma palibe amene anayanikamo mpaka atelala atanyamula makina awo osokera n'kuwakhazika pakhomo pa mpandawo.

"Wakuba nyanda ayambe wadutsa ine," anatero. "Ndimusoka zala pamodzi ndi milomo yomwe."

Kuyambira pamenepo zingwe zinadzaza.

Komabe panali chinthu chimene amayi ankanong'onezana. Mwezi uliwonse atelala ankasoka nyanda zazing'ono, zoyenera mtsikana wongotha kumene msinkhu, n'kuzipachika kumapeto kwa chingwe, pakona pomwe malata awiri sanakumane bwino. Dzuwa likafika paliwombo, msasa wonse uli zii, makina ankaleka kulira ndipo atelala ankatembenuzira nkhope kukhoma. Akacheuka, nyandazo kunalibe. Pakapita masiku zinkabwerera zochapidwa, zikudontha madzi, zomangidwa pachingwe ndi mfundo yokhotera kumanzere. Pafumbi la pakonapo sipankaoneka phazi la munthu.

Atelala anali ndi mwana wamkazi wamanzere. Anasiyana naye pamlatho pothawa, mfuti zikulira, mwanayo asanathe msinkhu.

Nkhaniyi itamveka, amayi ena anayamba kuyanula nyanda zawo zisanaume. Anamwino anabwera masana ena, n'kukhala pa chidebe chogadabuza pafupi ndi makina.

"Amayi, miyendo yanuyi yatupa ngati mitondo. Dzuwali likuphani."

"Mwabwera kudzayeza miyendo kapena kudzayanika?"

"Ndabwera ndi uthenga wabwino. Bungwe lavomera kukupatsani chipinda chofolera bwino choti muzisokeramo. Pano tiikapo chitseko cha loko ndi mlonda wamkazi, ndipo mpata wa pakonawo tiukhoma lata. Amayi ayambanso kuopa, mukudziwa."

Atelala anaduladula ulusi ndi mano.

"Ndikuganiza kuti amene amatenga nyandazo ndi mtsikana wamasiye," anapitiriza anamwino motsitsa mawu, "wamanyazi kuima pamzere ndi akuluakulu. Abwere kwa ine, ndimupatsa zonse, osamufunsa kanthu."

"Mpatawo mwauona bwino, mwana wanga? Ngakhale mphaka amabwerera."

Anamwino anayang'ana pakonapo. Mpatawo unali wongolowa dzanja. Mphepo kunalibe, nyanda zonse zinali phee pazingwe, koma zazing'onozo zinkagwedezeka pang'onopang'ono, ngati wina akuzipapasa kuti amve ngati zauma. Anamwino anapitiriza kuyang'anitsitsa.

"Musayang'ane," anatero atelala. "Sakonda kuonedwa. Mtsikana aliyense wa msinkhu umenewo ndi wotero."

Onse awiri anatembenukira kukhoma. Kumbuyo kwawo chingwe chinalira pang'ono, monga chimachitira ukachichotsa katundu. Anamwino sanacheuke mpaka atelala atapondanso makina.

"Amayi," anatero anamwino, "ndikukupemphani. Lolani tikuthandizeni. Mwagwira ntchito yokwanira."

"Chipindacho apatseni amayi oyembekezera, akugona pofinyana. Amayi oopawo ndilankhula nawo ndekha, amandiopa kuposa mizimu. Koma mlonda, loko ndi latalo bwererani nazo."

"Nanga inuyo?"

"Mwana wanga wamanzere uja sindinakhalepo pomulangiza atakula, sindinamuonetse kachapidwe kake. Waphunzira yekha. Tsono mukakhoma pakonapo, mwezi wamawa adzavala chiyani? Ayi, mwana wanga, zikomo. Ine ndikhala pompano."