Mwana Mmodzi, Zaka Zisanu

Bambo anga ali ndi mawu amodzi amene amawalavula ngati njere ya lalanje: obwera. Zinthu zikakwera mtengo, ndi obwera. Madzi akasiya kutuluka pampopi, obwera omwewo. Ine nditakwatiwa ndi mmodzi wa obwerawo, analamula kuti mwamuna wanga asadzaponde m'shopu yawo yokonzera mawotchi. Mwana wathu akukwawa tsopano, koma agogo akewo sanamunyamulepo ngakhale kamodzi. Zimandiwawa, ndisaname.

Amakonda kudzitama kuti mtundu wathu unamera pompano. Ndiye ndinati ndiuone muzuwo ndi maso anga. Ndinalembetsa pa webusaiti yosunga zikalata zakale za mabanja, ndipo kwa milungu itatu, nthawi yopuma kuntchito, ndinkalemba dzina la agogo anga aamuna, obereka bambo, m'kabokosi kofufuzira. Sikunkatuluka kanthu. Tsiku lina chala chinaterereka n'kusinthanitsa zilembo ziwiri, basi khadi lawo n'kutulukira: chilolezo cholowera m'dziko, chidindo chofufutika, ndi chithunzi cha mwamuna wa makutu otambalala ngati anga. Ntchito yake, wokonza mawotchi. Dziko lochokera, lomwelo la mwamuna wanga.

Loweruka masana tinapita kushopu. Mwamuna wanga anatsala pakhomo atanyamula mwana, monga mwa masiku onse. Bambo anali atawerama patebulo, kagalasi kali padiso, akutokosa wotchi ya kasitomala.

"Wabwera nayenso uja?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ali panja. Taonani kaye ichi, bambo."

Ndinaika foni pakati pa tizitsulo tawo. Anayang'ana pang'ono n'kuikankhira kumbali.

"Mabodza a pa intaneti awa."

"Makutuwo ndi abodzanso?"

"Iwe, ine si mnzako, wamva? Unandichititsa manyazi ndi ukwati wakowo, lero wayamba kufukula manda a bambo anga?"

Mtima wanga unawira. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka pa mzere wam'munsi, ndipo ndinauwerenga mokweza dala, kuti ngakhale wometa tsitsi wa shopu yoyandikana nayo amve.

"'Amene wafika nawo: mwana mmodzi, wamwamuna, zaka zisanu.' Agogo anali ndi mwana mmodzi yekha, bambo. Inuyo munabadwira kuti?"

Kagalasi kaja kanagwa n'kugubuduzikira pansi pa tebulo. Bambo anadzuka, analoza mwamuna wanga pakhomo paja, n'kuyamba kukalipa m'chinenero chimene sindinachimvepo pakamwa pawo chibadwire. Sanali mawu amodzi ongotola, ayi. Chinkatuluka chokha, chosadodoma. Mwana analira. Anandikankhira panja ndi foni yanga yomwe, chitseko n'kuchimenyetsa.

Tinayenda mpaka pokwerera basi. Ine ndinali ndidakali ndi ukali, ndipo ndinkadziwa kuti ndawononga zonse. Nditatembenuka ndinaona mwamuna wanga akupukuta m'maso ndi chipewa cha mwana.

"Amati chiyani?" ndinamufunsa.

"Amati tichoke, tisadzabwerenso. Zinazo sindingabwereze mwana ali pano."

"Ndiye mukulira chiyani? Ngati n'koyamba kukutukwanani."

Anamukweza mwana paphewa, maso ali kumsewu umene tinachokera.

"Zaka khumi ndi ziwiri sindinamve munthu akutchula mawu choncho. Amakalipa ndendende ngati malemu bambo anga."