Pomwe Ndizimva Basi

Mkazi wanga Sieni ndinamuika m'manda pakhomo, kutsogolo kwa nyumba, monga timachitira tonse kuno pachilumba cha Savai'i. Pamwamba ndinawakapo simenti ndi matailosi oyera. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkamwera koko wanga pamenepo m'mawa uliwonse, basi ya ku tauni ya Salelologa ikudutsa.

Malowo ndi a kwawo kwa mkazi wangayo. Ine ndine mkamwini.

Tauvela, mlongo wake wa Sieni, ndiye wolankhulira banja. Akaimirira ndi ndodo yake, litchowa lili paphewa, ngakhale agalu amasiya kuuwa. Iyeyu anafuna kumanga sitolo m'mbali mwa msewu, ndipo anasankha pamene pagona Sieni. Koma manda sasunthidwa abale onse asanavomere, a ku Auckland ndi a ku Sydney omwe. Choncho anawalembera kalata ya masamba anayi, natiwerengera Lamulungu titatha kudya.

"Njira ndi ziwiri zokha," anayamba motero. "Tisunthe mafupa, kapena ana athu athawire kunja onse, mudzi usanduke bwinja."

Kuseri kwa mitengo ya kokonati, msewu womwewo, kuli malo ongofunika kuthira miyala. Njira imeneyo m'kalatamo munalibe.

"Mabanja onse ozindikira achita kale zimenezi," anapitiriza Tauvela.

Sanatchule ngakhale limodzi.

"Tikalola manda amodzi kutitsekera msewu lero, mawa akufa atilanda ndi minda yomwe. Ndipo amene akukanayo, abale anga, anabwera pano ndi mphasa imodzi ndi mbedza."

Zoona, ndinabwera ndi zimenezo. Koma mphasa yanga ikugwirizana bwanji ndi pomanga sitolo?

Pa tsamba lomaliza mawu ake ananjenjemera. "Sieni, mlongo wanga, akanadzuka lero akanati: ndisuntheni, ana adye." Apo anaima, napukuta m'maso. Dzulo lake ndinamumva akuyeserera kuseri kwa khitchini, kawiri, ndipo ankaima pomwepo. Azimayi analira.

"Alamu, muli ndi mawu?" anandifunsa.

"Kuseri kwa kokonati kuli malo."

"Mwamva?" anatembenukira anthu. "Ine ndikukamba tsogolo la ana, alamu anga akuwerenga kokonati! Pepani alamu, tikamanga tidzakupatsani mpando pakhonde, muziwerengera bwino."

Amene amalira aja anaseka.

Lolemba ndinalemba kalata yanga, ndinapatsa mwana wanga Matalena kuti aijambule pa foni atumizire abalewo. Inali yotere: "Kuchipatala Sieni anati, mundiike pomwe ndizimva basi. Malo a sitolo alipo ena, kuseri kwa kokonati. Ioelu."

Matalena anatembenuza pepalalo kufuna kuona ngati kumbuyo kuli zina.

"Ababa, yatha? Amalume alemba masamba anayi, inu mizere itatu?"

"Zonse zilimo."

"Ikanimo misozi pang'ono. Nenani kuti simugona, simudya."

"Ndimadya."

"Nanga anthuwo akudziwa? Kapena nenani zoti amalume sanapiteko n'komwe kuchipatala."

"Nkhani ndi malo, si Tauvela."

Anatumiza ili chomwecho, akupukusa mutu.

Mayankho anabwera sabata isanathe. Onse anavomera za Tauvela. Za malo a kuseri kwa kokonati palibe anafunsa. Mwana wa mchemwali wake wa Sieni wa ku Sydney analemba kuti kalata ya amalume inawaliza nyumba yonse, koma yangayo ikuoneka ngati mkazi wanga sindimusowa.

Tsiku lofukula sindinalole wina kukhudza mafupa. Ndinawatsuka ndekha limodzi limodzi, ndinawadzoza mafuta a kokonati, ndinawakulunga mu nsalu ya khungwa imene Sieni anasinja ndi manja ake. Nthawi yonseyo Tauvela anali chilili ndi ndodo yake, akufotokozera anthu mmene mlongo wake anadziperekera chifukwa cha ana. Analankhula ola lathunthu. Akuti anali mawu okoma kuposa onse amene ananenapo.

Manda atsopano ali pamtunda, kuseri kwa tchalitchi. Sitolo inamangidwa, ndipo ana awiri a Tauvela anapitabe ku Auckland chaka chomwecho.

M'mawa ndimakwera ndi koko wanga m'botolo. Ndikafika amakhala atazizira. Kumtundako basi simveka, imangooneka denga lake pakati pa mitengo. Ikadutsa ndimagogoda pa simenti.

"Yadutsa," ndimamuuza.