Tchipisi cha Aliness

Bernadette ankapisa m'matumba a kabudula wa Tikondwe asanamuviike m'madzi pomwe zala zake zinakhudza kajumbo kofewa, koterera mafuta. Anakatulutsa n'kukanunkhiza. Panalibe zofunsa. Fungo lake linali lomwe lija limakuchingamira ukangotsika minibasi pa Boma.

"Tiko, tabwera kuno!"

Mwanayo anatulukira kuseri kwa nkhokwe akukoka mapazi. Anali mwana womaliza wa Aliness, mng'ono wake wa Bernadette, amene anaikidwa m'manda dzana lake. Pabwalo phulusa la moto wa pamaliro linali lisanawoledwe.

"Munali chiyani umu?"

"Tchipisi."

"Anakupatsa ndani?"

"Adadi. Dzulo, titapita kukatenga zovala zosinthira. Wezi nayenso anadya."

Nanga mwana amadziwa kubisa? Bernadette anapinda kajumbo kaja bwinobwino n'kukamangirira kunsonga kwa chitenje chake, kenako anapitiriza kuchapa.

Adadi akewo anali Walter, kalaliki wa ku Rumphi amene anabwera Phalombe itangokhala boma palokha. Anakwatira Aliness n'kumutenga kuchoka kwa Mkhumba kukakhala naye m'nyumba ya boma. Kunena chilungamo, mlamuyo analibe mlandu. Mowa sankamwa, dzanja sankakweza, ndipo matenda a mkazi wake anadwazika yekha mpaka tsiku lomaliza. Koma maliro akatha nkhani imatsala ndi ya ana, ndipo kuno ana ndi akuchikazi. Walter anali atanong'oneza kale amalume kuti akufuna kukhala nawo pa Boma. Bernadette naye ankawafuna, ndipo sankabisa. Aliness anamulera ndi iye, mayi awo atamwalira mwanayo akadali wakumbuyo. Tsopano chomwe chinatsala cha Aliness padziko pano chinali Wezi ndi Tikondwe basi.

Tsiku lometa litafika, malumo atadutsa pamitu ya onse, a Sitima, malume awo, anaitanitsa achibale pansi pa mtengo wa mango. Walter anakhala pampando wamfupi, mutu uli mbee, manja atawapanikiza pakati pa maondo. A Sitima asanamalize n'komwe kuthokoza anthu, Bernadette anamasula mfundo ija n'kuyala kajumbo pamphasa.

"Alamu, tandiuzeni pamaso pa anthuwa. Ichi ndi chakudya?"

Walter anakayang'ana kajumboko nthawi yaitali.

"Si chakudya cha masiku onse, alamu. N'chongosangalatsa ana. Mwezi ukatha tinkapita tonse, ndi mayi awo omwe. Tsiku lija tikudutsa pachiwaya, Tiko anangoima, osafuna kusuntha. Ndikanatani?"

"Chosangalatsa ana!" Bernadette anawomba m'manja kamodzi. "Kusangalatsa ana ndi kuwaphera nkhuku, kuwaphikira mpunga, nonse n'kukhala pamphasa, kupemphera, kudya ngati anthu a nyumba imodzi. Osati kuimirira m'mbali mwa msewu ngati oitanira minibasi, fumbi lili koboo. Aliness ndinamulera ine. Pamsewu sakanadya."

"Ankadya, alamu."

"Musamunamizire munthu poti sangadziyankhire."

Azimayi ena anang'ung'udza kuvomereza. Walter anangowerama, ndipo kufatsa kwakeko kunamukwiyitsa Bernadette kuposa mwano. Anasendera kutsogolo.

"Chabwino, tinene kuti ankadya. Mchere anathira ndani?"

Aliyense wa kwa Mkhumba ankadziwa chimene chinafunsidwa. Anamfedwa asanamete, mchere wa m'chakudya chawo sathira munthu wamba. Akathira amene usiku wake sanagone yekha, ana amatsempheka: chifuwa, kutupa miyendo, mwina kutsikira kuli chete. N'chifukwa chake pamaliro amathira ndi agogo kapena kamwana kosadziwa kanthu. Tsono bambo wa pachiwaya, ndani angadziwe kumene wagona?

"Sindinaone," anatero Walter. "Ndinangokhala pabenchi. Masiku ano ndimatha kuyang'ana chinthu osachiona."

"Mwamva nokha, amalume. Sanaone."

A Sitima anakanda mutu wawo wometedwawo. Sanali munthu wokonda mikangano, ndipo Walter ankamukonda ndithu, makamaka chifukwa cha feteleza amene ankawathandiza naye chaka ndi chaka. Koma mwambo ndi mwambo.

"Bambo a Wezi, sitikukuthamangitsani. Kwanu mumalowola, ana n'kukhala anu. Kuno simunalowole. Mwamuna yekha, wogwira ntchito mpaka madzulo, ana angamuvute. Mawa mupite ndi mayi awo aakuluwa mukatenge katundu wa ana. Mukawafuna muzibwera kudzawaona, njira ndi yomweyi."

Walter anagwedeza mutu kuvomereza. Wezi, amene ankamvetsera ali pakhonde, analowa m'nyumba osatseka chitseko.

M'mawa mwake anakwera makabaza kupita pa Boma, ndi ana omwe. Kulongedza sikunatenge nthawi. Zovala za ana awiri, mayunifolomu, makope, bulangete limodzi, zonse zinakwana m'zikwama ziwiri. Wezi ankapinda madiresi ake mosamala ngati mtsikana wamkulu, osalankhula ndi munthu. Walter anafunsa ngati atenge udzudzu wa neti, n'kudzikonza yekha kuti neti ya udzudzu, koma palibe anaseka. Bernadette anali atapambana, komabe mumtima mwake munalibe kukoma kulikonse.

Njira yopita kokwerera makabaza inkadutsa kumsika. Atafika pamene utsi wa nkhuni umasakanikirana ndi fungo la mafuta, Tikondwe anaima. Sanalire, sanapemphe. Anangoima.

"Tiye, Tiko," anatero bambo ake motsitsa mawu.

Bernadette anatula chikwama pansi. Kaya chinamugwira n'chiyani, mwina ankafuna akamuone ndi maso ake munthu wothira mchere m'zakudya za ana amasiye, amuuze mawu awiri.

"Asiyeni. Tiyeni tikachione chimene chimaimitsa ana pamsewuchi."

Mwini chiwaya, a Davison, anali bambo wachikulire wa epuloni yoda ndi mwaye. Atawaona anavula chipewa n'kupepesa maliro, kenako anayamba kuwola tchipisi m'mafuta n'kuika m'timbale tapulasitiki, kabichi pambali. Bernadette anakhala kumapeto kwa benchi, maso ali pamanja a bamboyo. Botolo la mchere, lobooledwa pachitsekerero, linali pafupi ndi chigongono chawo. A Davison analinyamula, koma sanalipendeketse. Anadutsitsa dzanja pamwamba pa chiwaya n'kupatsira Tikondwe.

Kamnyamatako kanagwira botolo ndi manja awiri, lilime lili panja, n'kuyamba kuwaza. Mbale ya bambo ake, ya Wezi, yake, kenako ya mayi ake aakulu, imene anaithira wambiri zedi.

"Bwanji sathira okha?" Bernadette anafunsa.

"Amayi ankakana," anayankha Wezi. Aka kanali koyamba kulankhula tsiku limenelo. "Ankati mchere azithira Tiko. Ali wakhanda ndinkathira ndine. A Davison akudziwa, ngakhale tsiku lija anathira ndi Tiko."

"Ine ndinkayesa ndi masewera awo," anatero Walter.

Bernadette anayang'ana botolo lija. Mwambo umenewo anamuphunzitsa Aliness ndi iye, kukhitchini kwa Mkhumba, mtsikanayo atangotha msinkhu. Ndiye kuti anaunyamula mpaka kuno, n'kumausunga pakati pa fumbi ndi mahutala a minibasi, mwamuna wake osadziwa n'komwe. Ndiye kutinso ankakhaladi pabenchi lomweli, kumadya pamsewu. Bernadette anachita manyazi, ndipo manyaziwo anabwera pamodzi ndi chisoni choti panali Aliness wina amene iye sanamuonepo.

Anatola kachidutswa kamodzi n'kulawa. Mcherewo unali wowawa, koma anameza. Atadzutsa maso anaona kuti ana onse awiri akudya mwachilendo. Aliyense anafungatira mbale yake pachifuwa, dzanja lamanzere litavindikira pamwamba, lamanja likusolola kunsi kamodzikamodzi.

"Kodi mukubisira ndani? Akulandani ndani pano?"

Wezi anayang'ana dzanja lake ngati si lake. Analichotsa pang'onopang'ono.

"Amayi ankatibera."

"Ankakuberani?"

"Chawo ankamaliza msanga. Ndiye ankaloza kuphiri n'kunena kuti taonani moto wabuka ku Michesi. Ukangocheuka, atola. Ngakhale adadi ankawabera."

"Ine ndiye kwambiri," anatero Walter, akuyang'ana pansi.

Ha! Aliness yemweyo! Bernadette anamuona bwinobwino, kamtsikana ka miyendo yotuwa, kakuloza kumunda kuti mbuzi zalowa m'nandolo, iye n'kuthamangira komweko, pobwera chimanga chake chootcha chatsala chitsononkho. Ankamukwapula, mawa lake n'kubwerezanso. Anthu pamaliro anachita kusimba za mayi wofatsa, wa kwaya, wosadziwa kukangana ndi munthu, ndipo zonsezo zinali zoona. Koma wakuba chimanga uja palibe anamutchula. Ankamudziwa ndi anthu atatu amene anakhala nawo pabenchipa.

Wezi anali atasiya kudya. Mbale yake inali pamiyendo, yosavindikira.

Bernadette anatambasula mkono kuloza kuphiri.

"Taonani moto wabuka ku Michesi!"

Onse atatu anacheuka, ndi a Davison omwe. Phirilo linali phee, lopanda ngakhale kautsi. Pomwe Wezi amabweza maso, mayi ake aakulu anali akutafuna, zala zili noninoni.

"Aaa, amayi!" anakuwa mtsikanayo, n'kuseka, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Bambo ake anamukokera pachifuwa.

Bernadette anapukuta zala pachitenje. Sanamuyang'ane Walter polankhula.

"Zikwamazi bwererani nazo kunyumba, alamu. Sukulu akatsekera muzibwera nawo kumudzi, adzadye nkhuku ngati anthu. Amalume ndikalankhula nawo ine."

Walter anangowomba m'manja mwaulemu, katatu, mwana ali pachifuwa.

Tikondwe sanamve zonsezo. Anali atachotsa dzanja pambale yake n'kuikankhira pafupi ndi bondo la mayi ake aakulu. Kenako anatembenuza mutu kuyang'ana kuphiri, n'kukhala choncho, kudikira.