Muthamma Azungulira Khoti

Muthamma, mayi wamasiye, anatsika pangolo n'kuyang'ana khoti latsopano limene Angerezi anamanga m'tauni. Denga linali lobulungira ngati la pamanda a munthu woyera mtima, zipilala zogobedwa maluwa ndi njovu ngati za kukachisi wa kwawo. Mtima wake unakhala pansi. Nyumba yotere singalole kuti mlamu wake Sengodan amulande munda wa mpunga.

Anavula nsapato n'kuyamba kuizungulira akupemphera, monga achitira kwawoko aliyense woleredwa bwino asanalowe pamalo opatulika. Koma Mngerezi akati amange samanga kakachisi ka kumudzi. Chinali chinyumba, ngodya kutha ngodya ina ikubwera. Pomwe ankafikanso pakhomo, thukuta lili kamukamu, anakumana ndi Sengodan akutuluka, mano onse ali pamtunda.

"Alamu, mwafika? Pepanitu, dzina lanu aliitana mpaka mawu kusasa. Woweruza wati wosabwera alibe chonena. Munda ndi wanga."

Muthamma anagwira mwendo wa mlonda wa pakhomo. "Achimwene, ndinali pompano ine! Ndimapereka ulemu!"

"Ulemu kwa yani, mayi?" anatero mlondayo. "Nyumba iyi nduwira yokha ndiye yathu, mutu ndi wa Mzungu. Anaiveka dala kuti tizilowa titawerama. M'katimo mulungu wake ndi wotchi."

"Nanga ana ndikawadyetsa chiyani?"

Mlonda anasolola mwendo wake pang'onopang'ono, poti m'kati anali ataitana kale dzina lina.