Mtsempha Wachisanu ndi Chiwiri wa Apongozi

Gerishon anatsuka zilonda zaka zisanu ndi chimodzi pachipatala chaching'ono cha mishoni ku Neno, ndipo mayeso oti akhale wothandiza dokotala anawalephera kawiri. Chomugwetsa chinali chimodzi: ubongo ndi mitsempha yake khumi ndi iwiri. Mu 1953 anamuuza kuti akalepheranso, basi, akalime.

Munthu uja anachita ngati wapenga. Masabata atatu sanapondeko kumudzi kwa mkazi wake Yunike, kumene ankakhala chikamwini. Aliyense wobwera ndi chilonda cha pamwendo ankauzidwa kutulutsa lilime, kukweza nsidze ndi kutsata chala ndi maso. Odwala anayamba kuzemba.

Tsiku la mayeso, dokotala wachizungu wochokera ku Zomba anasankha yekha wodwala pamzere n'kumulowetsa. Gerishon anacheuka. Anali apongozi ake, amayi a Yunike, anthu amene mwamwambo sayenera kuyang'anizana nawo. Akakumana panjira, wina amalowa patchire.

Apongozi anadzifunda nsalu kumutu. Gerishon anayang'ana khoma.

"Muyeze nkhope," anatero dokotala.

"Tsinzinani, amayi," Gerishon anauza khoma lija.

"Ndatsinzina," inayankha nsalu.

Dokotala anafiira ngati tomato n'kutulutsa wotchi. Koma azungu awa! Kubwera ulendo wonse kuchokera ku Zomba osafunsa n'komwe kuti uyu ndi ndani wake. Anangoti kwatsala mphindi ziwiri.

Pamenepo nsalu inagwa.

"Bambo, tembenukani," anatero apongozi, mawu akutuluka mopotoka. "Mwana wanga sanakwatiwe ndi khoma. Khasu ndinakuonani, simulitha. Ndiyang'aneni."

Gerishon anatembenuka thukuta lili kamukamu. Mbali yakumanzere ya nkhope inali italefuka, pakamwa patapotokera kumanja, diso likukana kutseka, chipumi chosachita makwinya. Ananena zonse mwadongosolo: mtsempha wachisanu ndi chiwiri, wovulala kunja kwa ubongo, osati m'kati. Dokotala anagwedeza mutu movomereza, nalemba, natuluka.

Anatsala awiri. Ndipamene Gerishon anaona kuti mayi woopsa uja ali ndi mantha, ndipo anamva chisoni.

"Kodi ndifa nazo?" anafunsa apongozi.

"Ayi, amayi. Ambiri amachira pa miyezi iwiri kapena itatu. Koma muzibwera Lachiwiri lililonse ndizikuonani disolo."

"Lachiwiri lililonse?" Apongozi anatola nsalu yawo pansi n'kuikung'untha. "Kukanakhala bwino mukanalephera."